Mtsinje wa Tsondab unabwera dzuwa likuwala

Lamlungu, Windhoek

Ndafika kuno ku Namibia m'mawa uno mapazi atatupa, nsapato ndachita kupondera kumbuyo. Masiku atatu m'mabasi: Blantyre, Lilongwe, boda ya Mchinji, Chipata, Lusaka, Livingstone, kenako kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Katima Mulilo n'kutsetsereka usiku wonse kudzera ku Rundu ndi Otjiwarongo. Alamu anandichingamira atavala ovolosi, zikhadabo zili bii ndi girizi. Ntchito yawo ndi yokonza mapampu a sola m'mafamu a nkhosa ndi mbuzi, ndipo sabata ino ayitanidwa malo atatu m'munsi mwa mapiri a Naukluft. Achemwali akutidikira ku Walvis Bay, kunyanja. Pa phula ndi ulendo wa theka la tsiku, koma ife tidzera kuchipululu, ine ndizikawapatsira alamu masipanala.

Masana anandipititsa ku Katutura kukadya kapana. Ndi kanyenya wa kuno: nyama ya ng'ombe yowotchedwa pa moto wa nkhuni, yoduladula timagawo, umatola ndi zala n'kusunsa mu mchere wosakaniza tsabola. Aliyense wowotcha amakulawitsa kaye kanthuli kuti uyime pa iye. Tinalipira madola 60 a kuno anthu awiri, pamodzi ndi mandasi akuluakulu amene amati vetkoek. Dola ya Namibia imafanana mphamvu ndi randi, ndipo randi imene amalandiranso m'sitolo.

Ndinene chimene chandibweretsa. Kuyambira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kutsitsira thope ndi miyala pa Chilobwe, mvula ikangoyamba kugunda malata usiku ine tulo timatha. Nyumba yathu inatsala. Ya oyandikana nafe kumunsi sinatsale, ndipo ena mwa eni ake tinawafukula ndi makasu. Achemwali anaona mmene ndikuwondera nyengo ya dzinja iliyonse, nati: bwerani February yense mudzakhale kuno, ku Walvis Bay mvula ya chaka chathunthu sikwana n'komwe mamilimita 20.

Cha m'ma 3 koloko mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a Auas, kumwera kwa mzinda, yoyera kumwamba, yakuda kunsi. Alamu anaiyang'ana akumwetulira. Ine ndinangoti chete.

Lolemba, kupitirira Rehoboth

Tinanyamuka kusanache. Dizilo wodzaza thanki ndi chigubu china chapadera, madzi akumwa malita 40, matayala osungira awiri, fosholo, chingwe chokokera. Ndinafunsa kuti matayala awiri achiyani. Alamu anati ndidzaona ndekha.

Makilomita 90 a phula mpaka ku Rehoboth, tauni ya anthu otchedwa Baster amene anachokera ku Cape n'kudzakhazikika pano m'ma 1870. Tinagula buledi, shuga ndi nyama youmitsa. Titangotuluka m'tauni n'kukhotera pa msewu wa C24, posakhalitsa phula linatha, nkhani inasintha. Msewu wa miyala wa kuno ndi wotakasuka, wosamalidwa, koma pena umachita mizere ngati malata, galimoto imanjenjemera mpaka mano kuwawa. Ola lathunthu tinakumana ndi galimoto ziwiri zokha ndi ngolo imodzi ya abulu. Aliyense amakweza dzanja. Alamu akuti kuno sudutsa munthu woyima m'mbali mwa msewu usanamufunse ngati ali ndi madzi.

Kutentha kwake si kwa ku Nsanje kuja konyowetsa malaya. Kuno thukuta limauma lisanatsike pamphumi, umangozindikira milomo yasweka.

Masana ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. Mtambo wakuda uli patsogolo pathu, mvula ikutsika kuchokera mmenemo ngati ndevu zazitali, koma ndevuzo zikuthera m'malere. Pansi fumbi lili mbuu. Mpweya wapansi ndi wouma komanso wotentha kwambiri moti madontho amasanduka nthunzi asanafike pa dothi. Alamu akuti alimi a kuno amatha mwezi wathunthu akuonerera mvula yotereyi, nkhosa zikuwafera m'khola.

Pa famu yoyamba vuto linali laling'ono, mchenga unatseka paipi. Mwini famu, mzungu wokalamba wa khungu lopsa ndi dzuwa, moni anapereka mwachidule, funso lake lenileni linali lakuti kumene tachokera yagwa mamilimita angati. Anatilozera kachubu koyezera mvula komangirira pa mzati wa mpanda. Munali kangaude wakufa.

Tagona m'kanyumba ka antchito. Kutali kumadzulo kukung'anima kosalekeza koma bingu silikumveka. Ndawerenga kung'anima makumi atatu, ndaleka.

Lachiwiri, pa mtsinje wa Tsondab

Ndikulemba nditakhala m'galimoto, tochi ndaluma pakamwa. Dzanja likadanjenjemera pang'ono.

Tinadutsa Büllsport cha m'ma 1 koloko n'kulowa C14, msewu wotsata chigwa cha Tsondab kulowera ku Solitaire. Kumbuyo kwathu, pamwamba pa mapiri, kumwamba kunali kutada ngati kunsi kwa mphika, mphezi zikutsika mowongoka, zina ziwiriziwiri. Koma pamene tinali ife dzuwa linali phwee, ngakhale dontho limodzi pa galasi.

Mitsinje ya kuno ndi mchenga wokhawokha, miyezi khumi ndi umodzi kapena zaka zingapo osaona madzi. Amaitcha rivier, ndipo malo ambiri mlatho palibe, msewu umangotsikira mu mchengamo n'kukwera tsidya linalo. Titayandikira potsetsereka pena, tinapeza ngolo ya abulu itayima pamtunda, mkulu wina wa mtundu wa Nama ali pakati pa msewu akukupiza chipewa. Alamu anatsitsa galasi nati, "Matisa, Oupa?" Kumeneko n'kuti: muli bwanji, agogo? Mkuluyo anayankha m'Chiafrikaans mawu ochepa amene alamu anandimasulira: mtsinje ukubwera.

Ndinayang'ana. Mchenga woyera, mapazi a mbuzi, mitengo ya minga mbali zonse. Kuwoloka kukanatitengera mphindi imodzi. Ndinati, "Alamu, si tingodutsa msanga?" Anazimitsa injini nati, "Mverani kaye, alamu."

Poyamba ndinamva ngati mphepo m'mitengo ya bulugamu. Kenako pansi pa phokosolo panabwera lina, lakuya, gubudu gubudu, miyala ikugundana pansi pa madzi. Phokoso limenelo ndimalidziwa. Ndinalimva usiku uja ku Soche. Miyendo inangondinyamula yokha, ndinapezeka ndili pa kachulu ka miyala patali ndi galimoto, mtima ukugunda kukhosi.

Ndili pamenepo ndinauona mutu wa madziwo ukukhota pa gomo. Sunali wautali. Unali ngati lilime la thope lofiirira, kutsogolo kwake likukankha zinyalala, timitengo, ndowe za mbuzi, thovu lachikasu, zonse zikugubuduzika pa liwiro la munthu wothamanga pang'onopang'ono. Mchenga wouma unkachita kulira tsss madzi akaukhudza. Buluzi anathawira pa mwala. Patangopita mphindi zisanu lilime lija linali mtsinje wofika m'chiuno, ndipo pasanathe theka la ola munkadutsa mitengo yathunthu mizu ili m'mwamba, mzati wa mpanda waya wake akukokeka pambuyo, ndi mbuzi imodzi yakufa. Dzuwa likuwalabe pamutu pathu.

Alamu anabwera kudzakhala nane pa chulupo. Sananene kuti musaope. Anandifotokozera ngati mmene amafotokozera pampu. Mapiriwa ndi mwala wokhawokha, udzu palibe, dothi ndi lochepa ndipo laumbika ndi dzuwa ngati njerwa yowotcha. Mvula ya ola limodzi ikagwa, yolowa pansi ndi yochepa, yotsala yonse imatsetsereka nthawi imodzi m'makwawa mazanamazana n'kukumana mumtsinje umodzi. N'chifukwa chake anthu amakokoloka ali pamalo pamene sipanagwe mvula, ena atamanga tenti mu mchenga chifukwa mpofewa pogona. Ndipo chinyezi chake, anatero, n'chomwe chija a zanyengo kwathu amati mphepo yochokera ku Congo. Dzinja likafika pachimake chimatsika kudzera ku Angola, chikakumana ndi kutentha kwa masana pa mapiriwa chimakwera msanga n'kusanduka mitambo ya mabingu. Zaka zina chimafika mpaka m'mphepete mwa chipululu cha Namib, zaka zambiri chimathera panjira.

Pofika 5 koloko tsidya lathu linali ndi galimoto zisanu ndi imodzi. Anyamata awiri alendo a ku Ulaya, pa galimoto yobwereka, ankafuna kuyesa. Alamu anatola mwala waukulu ngati dzungu n'kuuponya m'mphepete, sunamire n'komwe pamalo amodzi, unangotengedwa. Anyamatawo anabweza galimoto.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti panalibe wodandaula. Anthu anatsitsa mipando, ena akujambula, ena akuimbira abale pa mawailesi a m'galimoto poti netiweki ya foni kulibe. Oupa uja anavula chipewa, anayima m'mphepete nthawi yaitali milomo ikugwedera. Akazi awo anakoleza moto pafupi ndi ngolo n'kuphika khofi m'chitini, wa shuga wambiri, makapu awiri okha akuzungulira anthu tonse. Ndalama anakana.

Mayi wina wonenepa, wa galimoto yonyamula katundu wa m'sitolo, anandiona kuti ndakhala patali ndipo kapu ikugwedezeka m'manja. Anadzakhala pafupi n'kufunsa kwathu. Nditatchula Malawi ndi Freddy anagwedeza mutu, anati iye ndi wa ku Mariental. Mu February 2006 mvula inadzaza damu la Hardap pa mtsinje wa Fish, zitseko za damu zinatsegulidwa, madzi analowa m'tauni. M'nyumba mwake anafika m'mawindo. Anati kwa zaka zingapo ankagona nsapato zili pafupi ndi pilo. Sanandilangize kanthu. Anangonyema buledi wake pakati n'kundipatsa, tinadya tikuyang'ana madzi.

Mvula yeniyeni inatipeza dzuwa litalowa. Kunayamba mphepo yozizira yonunkha dothi lonyowa, kenako khoma la fumbi lofiira, mipando ikuuluka, aliyense kuthamangira m'galimoto. Oupa ndi akazi awo tinawalowetsa mwathu, abulu anawamasula. Matalala anagwa kaye, aakulu ngati nsawawa zosasenda, denga la galimoto likulira moti kulankhulana kunali kosatheka. Mphezi ina inagwa pafupi kwambiri, kuwala ndi bingu nthawi imodzi, chigwa chonse chinayera mbee ndipo ndinaona mtengo uliwonse payekha. Alamu anati manja ndisagwire chitsulo cha chitseko. Agogo aakazi aja anandigwira bondo, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'chinenero chawo chodzaza ndi timaphokoso ta lilime. Inatenga mphindi makumi anayi. Kenako zii, nyenyezi zinatuluka.

Lachitatu, Solitaire

Sindinagone. Mtsinje unalira usiku wonse koma cha m'bandakucha mawu ake anayamba kuchepa. Kutacha madzi anali m'mawondo, m'mbali mutatsala thope losalala ngati phala. Alamu anavula nsapato, anatenga ndodo n'kuwoloka wapansi kawiri, kufufuza maenje ndi pofewa. Lamulo lawo ndi lakuti pamene sungawoloke ndi miyendo usayese ndi galimoto. Anaphwetsa matayala pang'ono, analowetsa giya ya matayala onse anayi, tinadutsa madzi akumenya pansi pa zitseko. Ine ndinatseka maso. Galimoto ya anyamata aja inatitimira chakumapeto, tinaikoka ndi chingwe, onse okankha thope mpaka m'ntchafu, mayi wa ku Mariental akulamula ngati kapitawo. Ngolo ya Oupa inawoloka bwino kuposa tonse.

Solitaire si tauni. Ndi pothirira mafuta, sitolo, pokonzera matayala, pophikira makeke ndi magalimoto akale ochita dzimbiri atakwiririka mu mchenga. Alendo amabwerera keke ya maapozi. Ndinagula chidutswa chimodzi, tinagawana, chokoma ndithu koma mtengo wake ndi wa kapana wa anthu awiri. Ine chinandigwira mtima ndi bolodi limene amalembapo mvula ya chaka chilichonse. Ndinayima pamenepo nthawi yaitali. Zaka zina nambala yake ndi imene kwathu ku Blantyre, kumene chaka chimafika mamilimita cha m'ma 1,000, imagwa sabata imodzi ya January. Pabwalo panali chithaphwi chachikulu, ana a antchito akudumphamo ndi zovala zomwe, amayi awo akuwaonerera osawaletsa.

Anthu onse pamenepo nkhani inali imodzi: Tsauchab nayo yatsika. Umenewu ndi mtsinje wodutsa ku Sesriem n'kukathera ku Sossusvlei, kumene milu ya mchenga wofiira imautsekera njira ya kunyanja. Madzi kufika mpaka kumeneko si chaka chilichonse, alamu amakumbukira 2011 ndi 2021. Dzina la Sesriem lomwe ndi nkhani ya madzi: apaulendo akale ankalumikiza zingwe zisanu ndi chimodzi za chikopa kuti chidebe chifike pa madzi m'phompho. Kumilu ya mchengako sitinapite, ntchito inali kutidikira.

Famu yachiwiri inali yowawa. Matalala aswa magalasi awiri a sola, mphezi yawotcha kabokosi koyendetsa pampu, mkati mwake mukununkha pulasitiki wopsa. Mpanda wakokoloka mamita ambirimbiri. Mbusa wa pafamupo, bambo wa mtundu wa Damara, wataya mbuzi zake zitatu mumtsinje. Ndinamupepesa monga timachitira kwathu. Anandigwira dzanja n'kundikokera pa kachubu ka pa mzati: mamilimita 41. Anati chilala cha 2019 chinamuphera mbuzi zoposa theka, cha 2024 chinabwereza, ndipo zotsalazi tsopano zidya. Chaka cha 2024 ndi chomwe chija nafenso chimanga chinapserera m'minda boma n'kulengeza za ngozi, ndinamuuza, ndipo tinakhala pansi pa mthunzi kufotokozerana za njala ngati anthu a mudzi umodzi.

Lachinayi, pafamu pomwepo

Tikudikira kabokosi katsopano kuchokera ku Windhoek, wobweretsa watsekeredwa ndi mtsinje wina. Ndatha tsiku ndikuthandiza kuimika mizati ya mpanda, manja atuluka matuza.

Dzulo pansi panali miyala yokhayokha. Lero ukagwada n'kuyang'ana chopingasa ukuona kubiriwira kopyapyala ngati ndevu za mnyamata, timasamba tiwiritiwiri totuluka pakati pa timiyala. Mbewu zake zakhala mu dothimo zaka zikudikira. Mbusa uja akuti pakatha masabata atatu udzu udzafika m'mawondo, wotuwa ngati siliva ukamawombedwa ndi mphepo, ndipo ukadzauma mantha adzakhala a moto woyatsidwa ndi mphezi. Madzulo achule anayamba kulira m'chithaphwi cha kuseri kwa khola. Achule m'chipululu! Amadzikwirira pansi mu mchenga, mvula ndiyo imawadzutsa. Inswa nazo zinatuluka kuzungulira nyali, ndinawauza kuti kwathu timakazinga, anaseka nati kumpoto kwa dziko lawo amadyanso.

Usiku yabweranso, yocheperako. Itangoyamba kugunda malata ndinadzuka monga mwa masiku onse, mtima uli m'mwamba. Ndinamva mawu panja. Antchito onse ndi ana awo anali pakhonde, atakhala chete, mapazi atatulutsa kunja kuti anyowe. Anandisunthira malo pa benchi. Ndinakhala nawo mpaka inakata. Mantha sanachoke, koma sindinali ndekha m'chipinda kuwerenga mabingu.

Lachisanu, Walvis Bay

Kabokosi kanafika m'mawa, pampu inayamba kukoka cha m'ma 10, famu yachitatu anaimba kuti njira yawo yaduka tidzabwere sabata yamawa. Tinabwerera ku Solitaire n'kulunjika kunyanja, makilomita oposa 200 a miyala.

Pa chikwangwani cha Tropic of Capricorn sitinayime. Msewu wadyeka malo ambiri, timakwawa tatsopano tadula pakati, alamu ankayendetsa atatsamira kutsogolo. Tayala loyamba linaphulika tisanafike pa chigwa cha Gaub, mwala wakuthwa unang'amba m'mbali. Lachiwiri linayamba kutuluka mpweya titangokwera kuchoka m'chigwa cha mtsinje wa Kuiseb. Ndaona ndekha.

Pa mlatho wa Kuiseb tinatsika. Madzi ofiirira akuthamanga m'phompho la miyala yakuda, phokoso lija lomwe. Ulendo uno ndinafika mpaka pa chitsulo cha mlatho n'kugwira, ngakhale sindinakhalitse. Alamu akuti mtsinje umenewu ndiwo mpanda wa chipululu: kumwera kwake kuli milu ya mchenga wofiira imene mphepo imaikankhira kumpoto, koma madzi akabwera amasesa mchenga wonse umene wagwera mumtsinje, ndiye miluyo imalephera kuwoloka. Kumunsi kwake kumakhala anthu a Topnaar, amene amadalira chipatso cha minga chotchedwa !nara, ndipo kulinso malo ofufuzira za chipululu a Gobabeb.

Kuchoka pamenepo dziko linangoti tetete, lathyathyathya, lopanda mtengo. Mitambo ya mabingu inatsala kumbuyo ngati yaletsedwa ndi mzere wosaoneka. Nyanja ya kuno ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kumwera, mpweya wapamwamba pake sukwera, choncho mvula sipangika, kumangobwera nkhungu. Makilomita ochepa tisanalowe m'tauni dzuwa linazimirira, ndinayamba kufunafuna juzi m'chikwama.

Achemwali anatuluka akuthamanga, anandikumbatira, kenako anabwerera m'mbuyo kuyang'ana thope louma pa buluku langa. Alamu anali atawauza kale zonse pa foni titangopeza netiweki. Anangoti, "Achimwene, pepani, ine ndinakulonjezani kopanda mvula." Ndinati palibe chopepesa.

Aphika nsima ndi karapau wa lero lomwe, nsomba yomwe ija timagula yowuma ndi ayezi kwathu. Ndinapempha madzi akumwa, alamu anatunga pa mpope nati amenewa amachokera m'zitsime za ku Rooibank, mu mchenga wa Kuiseb, ndipo aja tinawaona pa mlatho akalowa pansi ndi amene tidzamwe zaka zikubwerazi. Ndinamwa makapu awiri.

Tawaimbira amayi. Akuti kwathu yagwa masiku atatu osakata, chimanga chamasula ngayaye, ngalande ya kuseri kwa nyumba anyamata aikumba kale. Ndawauza kuti ikapitirira mawa akagone kwa azakhali ku Chirimba, asadikire usiku. Avomera. Kunja kuno nkhungu yaphimba msewu wonse, pa malata pakungodontha pang'onopang'ono.